Mavolovolo awiri a Margreth

Margreth Yakobe anakulira m'malayini a polisi ku Lilongwe, kumene mfuti inali ya abambo, mwana wamkazi n'kumangoionera patali. Anadzaigwira koyamba ali ndi zaka makumi anayi, kuno kutsidya kwa nyanja, mumzinda wa Perth, tsiku lomwe Nora, namwino mnzake, anamukokera ku kalabu ya owombera chandamale. Anamupatsa volovolo yachikale ija ya makawuboyi, yoti usanawombe uyambe wakoka kachitsulo kakumbuyo ndi chala chachikulu. Atawomba, mbale yachitsulo ya chandamale inalira kuti ngwee! Mayiyu anaseka ngati kamwana.

Anapirira mafomu onse, napeza laisensi, nakhomera sefu yosungiramo mfuti kukhoma m'nyumba mwake ku Cannington. Anagula mavolovolo awiri: yamakono yonyezimira, ndi ya makawuboyi ya chogwirira chamtengo. Yamakonoyo ankailemekeza, koma mtima unali pa yakaleyo chifukwa simafuna phuma. Sabata yonse ankathamangitsidwa ndi mabelu kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito. Lamlungu masana panalibe womuitana, ndipo fungo la wonga linkamutsitsa mtima.

Amayi a kumpingo ankamudya miseche. "Mayi wa Mvano ndi volovolo! Akufuna kupha ndani?" Iye ankangoti, "Inu mumaswera m'mashopu tsiku lonse, ine ndinakufunsanipo?"

Koma mfuti zoterezi zili ndi lamulo lake. Mwini wake aziwombera nawo mipikisano ya kalabu kangapo pachaka, apo ayi kalabu imachotsa kalata yomuikira umboni, laisensi n'kuthera pomwepo. Korona atabwera, Margreth anayamba kujomba. Mashifiti anachuluka, ndiponso ankaopa kukatola matenda pagulu n'kukawapatsira okalamba aja amene ankawasamalira. Mu 2022, matenda atalowa mumzinda mwamphamvu, anali atatsala ndi mpikisano umodzi wokha kuti akwanitse, ndipo unali wotsiriza chaka cha kalabu chisanatsekedwe. Lachisanu la sabata ya mpikisanowo mwamuna wake anapezeka nako kachilomboko. Margreth anauzidwa kuti abindikire m'nyumba masiku asanu ndi awiri.

Anaimbira foni Paterson, mlembi wa kalabu, kumufotokozera.

"Lamulo ndi lamulo, Margreth," anatero Paterson. "Koma tamverani, ingovalani masiki mubwere. Muwombe zipolopolo khumi, musayine m'buku, muzipita. Adziwa ndani?"

Tamvani zimenezo! Munthu yemweyo wa lamulo ndi lamulo, kumuuza namwino kuti aphwanye lamulo loteteza miyoyo pofuna kukwaniritsa la m'buku. Theka la amuna a pakalabupo ndi a imvi, ena oyendera ndodo. Margreth anapsa mtima.

"Bambo Paterson, ine ndatseka maso a anthu atatu mwezi uno. Sindibwera."

Lamlungulo anakhala pakhomo, akumuphikira mwamuna wake tiyi wa mandimu. Kalata ya kalabu yomuchotsera umboni uja sinachedwe, mizere inayi yokha, yopanda ngakhale pepani. Anadandaula ku komiti, komiti inati ikamuchitira chifundo iye, mawa aliyense adzabwera ndi chifukwa chake. Ngati kuti mliri unali chifukwa chongopeka! Kumpingo nako ena anati Mulungu wayankha mapemphero, ndipo izi zinamuwawa kuposa kalata ija.

Anatengera mavolovolo onse awiri kwa wogulitsa mfuti, atawapukuta ndi mafuta ngati akupita ku mpikisano. Wogulitsayo anatenga ya makawuboyi ija, naitembenuza, nasuzumira mumpope, nagwedeza mutu posirira.

"Yosamalika bwino chonchi, mukuisiyiranji? Ili ndi vuto?"

Margreth anasisita chogwirira chamtengo chija komaliza, n'kuchotsapo dzanja.

"Ilibe vuto," anatero. "Mwini wake ndiye anali ku ntchito."