Tsiku Limene Ndinayanjanitsa Opikula Manachesi

Ndinalowa Sitandade 1 ndili wamtali kuposa mphunzitsi wanga. Bambo ankati mbuzi sizingadziwete zokha, choncho ndinayamba sukulu iwo atamwalira. Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, sanapondeko n'komwe m'kalasi. Iwo anatsala pakhomo ku Ligowe ndi mitengo ya manachesi imene bambo anabzala kuseri kwa nyumba, n'kuwonjezerapo yawo mpaka kutsetserekera kudimba. Fizi yanga yonse inkachokera m'mitengo imeneyo. Amuna awo atamwalira, ankati akamaseka, "Ine amuna anga ndi awa. Samwa mowa, samenya, ndipo chaka chilichonse amandiveka."

Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka zambiri, ndikuwerenga pandekha ndi kulemba mayeso a boma ngati wapadera. Kuyunivesite ananditenga pa malo a achikulire imvi zitayamba kale, ndipo anzanga a m'kalasi ya zamalamulo ankanditchula kuti agogo. Sindinkadandaula. Dziko linali litangolowa m'zipani zambiri, chilichonse chikumasuka. Msika wa boma sunalinso wokha wogula mbewu, mitengo ya zinthu inasiyidwa kuti izidziyendera, ndipo kunkamveka kuti akulemba lamulo loona za mpikisano pa malonda. Nditamaliza digiri yoyamba ndinatsalira kuti ndichite kafukufuku pa nkhani imeneyi. Wondiyang'anira anali mphunzitsi wamng'ono kwa ine, munthu wochangamuka, woyenda mayiko.

"Bambo," anatero, "aliyense akufuna kulemba za shuga ndi simenti. Inu muli ndi kwanu. Pitani mukaone mmene alimi akugulitsira."

Ndinapita. Nthawi imeneyo Neno anali adakali pansi pa Mwanza, ndipo msewu wochokera ku Lisungwi unkatha mphamvu galimoto iliyonse. Anthu okhala ndi malole olimba mtima kukwera phiri nyengo ya manachesi anali awiri basi. Wina anali ndi golosale pa boma, wina ankachokera ku Lisungwi. Kagulidwe kawo kanali kotere: zipatso zikadali zobiriwira, wopikula ankabwera pakhomo, kuzungulira mtengo akuyang'ana m'mwamba, n'kutchula ndalama ya mtengo wonsewo. Mukagwirizana, ankapaka chizindikiro pathunthu, n'kudzabwera ndi anthu ake othyola zikapsa. Wagolosale ankapaka penti wofiira, wa ku Lisungwi ankapaka laimu.

Awiriwa ankadana koopsa. Kale ankaimba kwaya imodzi, ndipo lole yoyamba anagula mosonkherana. Anayambana nthawi ya riferendamu, wina atatchula mnzake kuti kapolo pabwalo la tchalitchi, anthu akutuluka m'mapemphero. Kuyambira pamenepo, mmodzi akamva kuti mnzake wafika pakhomo lakutilakuti, ankathamangira komweko kukawonjezera ndalama, ngakhale aluze, bola thunthulo lisapakidwe mtundu wa mdani wake. Achemwali ankadziwa kuvina gule ameneyu. Wa laimu akafika, ankamuyalira mphasa n'kunena, "Pepanitu, anzanu a penti anali pano dzulo." Nthawi zina linali bodza. Zaka zimenezo anafolera nyumba ndi malata.

Ndinayamba ndacheza ndi opikula awiriwo mmodzimmodzi, koma sizinandithandize. Aliyense ankangonena za kuipa kwa mnzake, ndipo manambala amene ankandiuza sankagwirizana. Ndiye mutu wanga wa zamalamulo unati: mlandu suweruzidwa mbali imodzi palibe. Ndinawaitana onse awiri ku tirumu ya pa boma, tsiku limodzi, ola limodzi, osamuuza aliyense kuti mnzake abwera.

Wa ku Lisungwi anafika koyamba. Wagolosale atalowa n'kumuona, anaima pakhomo.

"Aphunzitsi, simunanene kuti kuli maliro."

"Maliro ake ndi a lole yako ija," anayankha winayo. "Ndaiona pachikweza ikutsokomola ngati nkhalamba ya fodya."

"Yangayo ndinagula ndekha. Yako theka lake ndi langa mpaka lero."

Ine ndinali wamkulu kwa onsewo, ndipo ana awo ndinawaphunzitsa kugwira pensulo. Kwathu munthu wamkulu saonerera anthu awiri opemphera pamodzi akukana kupatsana moni pamaso pake. Sindinaganize kawiri. Ndinaimirira, ndinawakumbutsa za kwaya, za ana awo amene amasewera limodzi, za mgonero wa kutchalitchi umene amadya atafulatirana. Ndinati sindimwa tiyi ndi anthu osalonjerana. Zinatenga nthawi, tiyi mpaka anazizira, koma anagwirana chanza. Mayi wa tirumu anaomba m'manja ali kukhitchini, n'kutiwonjezera masikono aulere.

Kenako ndinayamba mafunso anga. Ndinafika pa limene linali mtima wa kafukufuku yense.

"Kodi munayamba mwagwirizanapo za mtengo wogulira, kapena kugawana madera?"

"Ine ndi uyu?" anatero wagolosale. "Bola kugwirizana ndi mphiri."

"Kugawana madera ndiye kutani, aphunzitsi?" anafunsa wa ku Lisungwi.

Munthu amene wagwira choko theka la moyo wake sangamve funso lotero n'kukhala chete. Ndinati tiyeni panja. Ndinatola kamtengo, ndinajambula padothi mzere wokhotakhota, n'kunena kuti uwu ndi mtsinje wa kumunsi kwa sukulu ya ku Ligowe. Ndinaika mwala tsidya lino ndi chigoba cha botolo tsidya linalo. Ndinafotokoza kuti m'mayiko ena amalonda osakhulupirika amati iwe gula uku, ine ndigula uko, tisapondane. Mlimi akakana mtengo wa woyamba, wachiwiri safika, ndipo mapeto ake amagonja. Ndinafotokoza bwino kwambiri. Ndinabwereza kawiri monga ndinkachitira ndi ana a Sitandade 5.

Onse awiri anawerama n'kuyang'anitsitsa mzerewo.

"Ndiye kunjako amamanga anthu pa zimenezi?" anafunsa wagolosale.

"Amamanga, kapena kuwalipitsa chindapusa chachikulu."

"Nanga kuno?"

"Kuno lamulo lake akulilemba kumene."

Anaseka pang'ono, wina n'kunena kuti azungu ali ndi nthawi yotaya. Potsanzikana, ndinaona wa ku Lisungwi akukweza phazi n'kudumpha mzere uja mosamala kuti asaufufute. Ndinaganiza kuti ndi ulemu kwa ine.

Achemwali atamva kuti ndawayanjanitsa anaimba nthungululu. "Mwagwira ntchito ya Mulungu, achimwene. Abusa analephera, akulu a mpingo analephera, koma inu tsiku limodzi!" Lamulungu lotsatira anthu ankandigwira chanza ndi manja awiri. Ndinabwerera kusukulu mtima uli mbee.

Chaka chotsatira ndinafika kumudzi pa tchuthi cha nthawi yozizira. Ndisanaone nyumba ndinamva fungo, lotsekemera koma lowawasa, ngati la mowa wosasa. Pansi pa mitengo panali pofiira ndi manachesi ogwa, ena ataphulika, mavu ndi ntchentche zili ng'waa. Pa thunthu lililonse panalibe penti kapena laimu watsopano. Achemwali anali atakhala pakhonde akusenda nachesi limene sankafuna kudya.

Anandiuza mmene zinayendera. Wa ku Lisungwi anabwera zipatso zili zobiriwira n'kutchula ndalama yochepa ngati akugula nkhuni. Iwo anamuyalira mphasa n'kunena mawu awo aja, akuti anzanu a penti anali pano dzulo. Munthuyo anangomwetulira n'kunena kuti chabwino mayi, agulitseni iwowo. Anadikira wagolosale. Ankamva lole yake ikulira tsidya la mtsinje, koma sinawoloke. Manachesi atayamba kufiira anatuma uthenga ku Lisungwi kuti avomera, yankho n'kubwera lakuti mitengo yagulidwa kale yokwanira.

"Kaya ndawalakwira chiyani anthu amenewa," anatero. "Inu ndi amene amakumverani. Kawafunseni."

M'mawa mwake ndinapita pa boma. Wagolosale anandilandira ndi chimwemwe, n'kunditsegulira botolo la zoziziritsa kukhosi.

"Aphunzitsi athu! Mutu umodzi susenza denga, munanena zoona."

"Sindinanene zimenezo. Bwanji simunafike kwa achemwali?"

"Kumeneko ndi kwa m'bale wanga uja. Ndikawoloka mtsinje tiyambananso. Mukufuna tiyambanenso, inu amene munatigwirizanitsa?"

Ndinamuuza kuti zimene akuchita ndi mlandu, kuti lamulo likubwera. Anatsamira pakauntala.

"Likubwera pa chiyani? Lili ndi matayala angati lamulolo? Likafika pachikweza paja mundiuze, ndikalikoke ndi tcheni." Kenako anatsitsa mawu. "Aphunzitsi, zaka zonse zija ndinkagula manachesi modula chifukwa cha mkwiyo. Matayala ndinkagula pangongole. Achemwali anu aja malata anafolera ndi ukali wanga. Panopa ndikugona tulo. Kodi ndalakwa kusiya kudana ndi mnzanga?"

Ndinapempha kuti andibwereke lole tsiku limodzi, ndilipira, tikagulitse tokha kumsewu waukulu. Anati lole ili ndi ntchito mpaka nyengo itatha. Wa ku Lisungwi ananena chimodzimodzi, pafupifupi mawu omwewo. Tinamanga madengu awiri panjinga, ine ndi mwamuna wina woyandikana nafe, n'kutsetsereka. Tikufika kumunsi, theka linali phala, ndipo zotsalazo tinagulitsa motaya chifukwa dzuwa linkapendeka. Kumitengo kunatsala manachesi ochuluka oti njinga khumi sizikanawatha.

Nditabwerera kuyunivesite ndinamufotokozera wondiyang'anira. Maso ake anawala.

"Bambo, mwatola golide! Anthu amalemba za zimenezi kuchokera m'mabuku, inu mwaziona zikubadwa."

Ndinati vuto ndi lomwelo, kuti mzamba wake ndinali ine. M'zolemba zanga zoyamba ndinaikamo ndime yofotokoza za tirumu, kamtengo ndi mzere. Anaiwerenga, n'kuidula ndi bolopeni.

"Musadzikweze. Amalonda safuna mphunzitsi kuti adziwe pamene pali phindu. Inu mukanapanda kubwera, akanayanjana pamaliro kapena paukwati, n'kuchita zomwezi. Izi si za sayansi, ndi za kwa abusa."

Mwina ankanena zoona. Ndakhala ndikuzitembenuza zaka zonsezi. Ndawerenga milandu ya m'mayiko ambiri, ndipo ndikudziwa kuti kumene kuli ogula awiri okha ndi msewu woipa, mgwirizano wotere suchedwa. Koma ndikudziwanso kuti malire amene anasankha anali mtsinje wa kumunsi kwa sukulu, osati msewu, osati phiri. Ndimeyo sindinaibwezeretse. Zolembazo zinayamikiridwa, anandilemba ntchito youphunzitsa, ndipo ndinaphunzitsa malamulo a mpikisano mpaka kupuma. Chaka ndi chaka ndinkajambula pabolodi mzere wokhotakhota, kadontho uku, kadontho uko, ophunzira n'kumakopera. Lamulo lija linadzakhazikitsidwa, koma panapita zaka ofesi yolitsata isanayambe kugwira ntchito, ndipo itayamba inali ndi nsomba zikuluzikulu zoti ithamangitse.

Achemwali chaka chachiwiri anavomera ndalama ya nkhuni ija. Chachitatu inatsikanso, moti sinakwanire ngakhale mankhwala opopera. Ndinkawatumizira kangachepe pa malipiro anga, koma iwo sanali munthu wodikira envelopu. Ndinafika kumudzi ndi chithunzi changa cha gauni nditachiika m'felemu, n'kupeza mbali ya kudimba ili zitsa zokhazokha, uvuni wa makala ukufuka pakati pa munda. Achemwali ankati abzalapo chimanga ndi nandolo, zinthu zimene zimadikira ogula m'thumba osawola. Anali atatsala ndi mitengo yakale ya kuseri kwa nyumba, ija anabzala bambo, ndipo tsikulo ndi imene ankaigwetsa.

Analandira chithunzicho, kupukuta manja pachitenje, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Chipewa chake chokhala ngati thireyi," anatero. "Koma mwaoneka bwino."

Ndinawapempha kuti asiye mitengo ya bambo, ndiwalipira ine chaka chilichonse ngati wopikula.

"Mukaadyera kuti? Kapena muziwapatsa ana asukulu anuwo? Ayi achimwene, mtengo wosunga chifukwa cha chisoni umangodya malo."

Pamenepo ndinayamba kuwauza za tirumu. Ndinali ndisanafike pa kamtengo pamene anandidula.

"Za mzere wanuwo? Aliyense akudziwa. Wagolosale amanena yekha pamsika, akuti nzeru anamupatsa ndi aphunzitsi a ku yunivesite. Ndinamva chaka chomwe chija manachesi anawola."

"Ndiye bwanji simunandifunse?"

"Ndikanati chiyani? Ine ndemwe ndinaimba nthungululu." Anakhazika chithunzi pakhonde, motsamira khoma, kuti chisagwe. "Ndinkayesa ndikukutumizani kusukulu kuti mukaphunzire kutiteteza. Kaya, mwina zimenezo amaphunzitsa chaka chomaliza. Tatiyeni, dzuwa likukwera. Mapepala sanakufooletseni manja eti?"

Anandipatsa nkhwangwa. Ndinavula jekete n'kulipachika pa nthambi ya mtengo wotsatira. Pathunthu la umene ndinayamba nawo panali pakuonekabe zizindikiro zakale, penti wofiira pamwamba pa laimu, laimu pamwamba pa penti, chaka pa chaka. Achemwali anakoka chingwe n'kundiuza kuti nditeme cha kumunsi, ugwere kutali ndi malata.