Tsiku lomwe bambo anasowa m'phanga la njanji

Ndikamafotokoza nkhaniyi ena amati ndikukokomeza, koma ndikunenetsa, izi zinandichitikira ineyo, ndipo chipsera chili pabondo langali mpaka lero.

Zinali zaka za m'ma 2000, ndikukhala ku Wembley, kudziko la azungu, ndikugwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mayi atamwalira ndinaitanitsa bambo kuchokera ku Balaka kuti adzapitidweko mphepo, koma munthu uja anangofika n'kukhala pawindo. Ndikapita kushifiti ndimawasiya pomwepo, pobwera ndimawapeza pomwepo, tiyi atazizira. Mwana wanga wamkazi akawalankhula Chizungu chake chija ankangogwedeza mutu. Kodi munthu ungatani kholo lako likamazilala ukuliona?

Mnzanga wina wa ku Chipata, yemwe tinkagwira naye ntchito, atamva kuti bambo anakalambira pantchito yokonza njanji, anandiuza za kanjanji kakale kunja kwa tauni, komwe madala opuma pantchito amakweza alendo pa tingolo topopa ndi manja. Loweruka lina ndili pa ofu tinapita atatu, ine, bambo ndi mwana.

Abale, mukanawaona bambo atangoona kangoloko! Anakazungulira, kugwira mawilo, kununkhiza mafuta m'zala, n'kuuza mdala wachizungu yemwe ankakayendetsa kuti kotere ndi komwe ankakwera ali mnyamata. Awiriwo anagwira mpini uku ndi uku n'kuyamba kupopa, ife titakhala pabenchi kutsogolo. Mitengo ikudutsa, mphepo ikuwomba, ndinangomva kumbuyo kwanga bambo ayambitsa nyimbo yawo yapantchito, mawu omwe ndinali nditawaiwala. Mwana anayamba kuvomera mokhotakhota, mzungu naye akuyesera, ine misozi ndi kuseka pamodzi.

Kenaka tinalowa m'phanga lomwe njanji imadutsa pansi pa chitunda. Mdima wake wa bii, kuzizira, madzi akudontha, ndipo kangolo kanayamba kulemera chifukwa panali kamtunda. Nyimbo inaduka, ine n'kumati apuma kaye. Posakhalitsa kangolo kanathamanganso, tinatulukira kuwala, ndipo nditacheuka, mbali ya bambo kunalibe munthu.

Mdala uja anamanga buleki nkhope itayera ngati ufa, akuti sanaone kanthu. Ine sindinadikire tochi. Ndinathamangira mumdimamo ndikuitana, mawu anga okha akundibwerera. Ndinapunthwa pamatabwa apansi pa njanji, bondo kung'ambika, ndipo pogwira pansi dzanja linakhudza chinthu chofewa. Chinali chipewa chawo. Pamenepo m'mutu munangobwera mawilo achitsulo aja, ndi azichimwene anga kumudzi: ndikawauza chiyani, kuti ndinatenga bambo amoyo n'kukawaphetsa pa zoseweretsa za azungu?

Ndili chogwada chomwecho ndinamva kuseka. Kuseka mumdima, inu, kumaopsa kuposa kulira. Tochi ya mdala uja itafika, tinawapeza atakhala panjanji, buluku litang'ambika, akupukuta misozi yachiseko. Akuti atamva kuti kangolo kakulemera anadumpha kuti akankhe, monga ankachitira kale, n'kudzalumphiranso. Kukankha anakankhadi, koma miyendo inawakumbutsa zaka zawo, kangolo n'kuwasiya. Ndinawakalipira mwaulemu womwe ndikanatha, iwo n'kungondifunsa ngati ndinaona mmene kanathamangira.

Mdala uja anatimanga mabala tonse awiri, n'kuwalonjezetsa bambo kuti sadzatsikanso kangolo kakuyenda. Mukudziwa kuti anakhala mabwenzi? Miyezi yotsalayo bambo ankadzuka okha Loweruka, kusita malaya, kukathandiza kupaka mafuta ndi kuzula udzu m'njanji, ndipo pobwera m'basi ankalongolola mpaka mwana kugona pamiyendo pawo. Anabwerera ku Balaka atanenepa.

Ine tsopano ndimakhulupirira kuti nkhalamba ikakhala chete sikuti moyo watha, imakhala ikusowa chogwira chomwe manja ake amachidziwa, ndipo ngakhale okalamba akuntchito kwanga ndimayamba ndawafunsa zomwe ankachita kale. Koma ndikuchenjezeni: mukakapita nawo makolo anu kumalo otere, musakhale kutsogolo n'kumaonera mitengo ngati ine. Khalani pambali pawo, dzanja lili pamalaya awo, chifukwa mtima ukakondwa sufunsa mawondo.