Mtsikana wa ku Iponga Amene Anakonza Bokosi la Nambala

Inu amene mukufuna chilimbikitso, imvani za Ambokile. Ine mpaka lero ndimazizwa naye.

Lolemba lina, mkulu wa ofesi, a Khumbize, anamupatsa kalata. "Lachisanu ndiye tsiku lanu lomaliza, chemwali. Mafomu anu makumi asanu ndi limodzi alibe nambala za foni."

Mtima unamuwawa kwambiri. Mtsikanayu analephera mayeso a Fomu 4 kawiri, nagulitsa nthochi pa msewu wa ku Iponga zaka zinayi. Pa Karonga boma analowa ngati wosesa, pa bungwe loimbira alimi a mpunga kuwachenjeza mitsinje ikamadzaza. Anaphunzira kompyuta poonerera anzake, tsache lili m'manja, mpaka anampatsa mpando woyankha mafoni.

Vuto linali bokosi limodzi pa kompyutapo, lotchedwa "nambala". Linkangolandira manambala oyamba ndi 265. Koma alimi ambiri a kwawo, kufupi ndi malire, amagwiritsa ntchito malaini a ku Tanzania, oyamba ndi 255. Kompyuta inkawakana ngati ndalama yong'ambika. Anzake ankangolembapo nambala yabodza ya ziro zokhazokha kuti fomu idutse. Ambokile ankasiya bokosilo lopanda kanthu, nambala yeniyeni n'kuilemba m'bokosi la ndemanga, limene palibe ankaliwerenga.

"Bwana, anthuwa mafoni ali nawo," anatero Ambokile atawerenga kalatayo. "Bokosi ndi limene likuwakana."

"Kompyuta silakwitsa," anayankha a Khumbize, munthu wa ku Zomba amene ku Iponga anali asanapondeko.

Lachinayi masana kunabwera uthenga woti mtsinje wa Songwe ukusefukira. Kompyuta inaimbira yokha alimi mazana anayi, koma a malaini a ku Tanzania inawadumpha onse. Ambokile sanadikire chilolezo. Anatsegula ndemanga zake n'kuyamba kuimba mmodzimmodzi, m'Chinkhonde, mpaka mawu anasasa.

M'mawa mwake mayi wina anaimba, foni n'kugwera kwa a Khumbize. "Ndagha, zikomo bwana. Ana na ng'ombe tasamusa zuwa likalipo. Nyumba yapita, koma tonse tili moyo. Mumuthokoze mwana anatiimbira uja."

A Khumbize anaimirira, nakokera mpando wawo pomwe panali Ambokile.

"Chemwali, ndinalakwa ndine. Tiuzeni, bokosili likhale bwanji?"

Ambokile analemba papepala. Mabokosi akhale awiri. Loyamba litchedwe "dziko_la_laini", lizilandira 265 kapena 255 basi. Lachiwiri litchedwe "nambala_ya_mlimi", lizilandira manambala asanu ndi anayi, ndipo lizikana ziro zokhazokha zimene anzake ankadzazamo. Akulikulu anavomereza osasintha kalikonse.

Lero Ambokile ndiye amatchula dzina la bokosi lililonse pabungwepo, ndipo a madigiri amagogoda kaye asanalowe mu ofesi yake.

Nanunso mwina mwauzidwa kuti simukwanira m'bokosi la anthu ena. Musafulumire kudzida, mwina bokosilo ndiye lachepa. Gwirani choona chimene mukuchidziwa, ndipo mtima wanu musautaye.