Ndege ya Mlombwa

Ndikukumbukira chaka chimene tinabwerera ku Fingoe kuchokera ku Zambia, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Nyumba yathu tinaipeza itasanduka chulu, mtengo wa mpoza utamera pomwe panali chipinda cha amayi. Ababa anali ataphunzira ukalipentala ku msasa wa othawa nkhondo, koma anthu amene sanathawe sankawakhulupirira. Ankati luso la kumsasa ndi longokhomera mabokosi a thandizo. Mawu amenewo ankandiwawa ine kuposa ababa eni ake.

Sukulu ikumangidwanso, kunabwera katundu wothandiza: choko, masileti, ndi bokosi lalitali lokhala ndi chithunzi cha ndege. Mkati munali timatabwa todulidwa kale, guluu, pulasitiki yokutira mapiko, ndi kabokosi kawailesi kowongolera ndegeyo ili m'mwamba. Injini inalibe, inali yoponya ndi manja n'kumayandama pamphepo. Apulofesolo athu, bambo wa ku Tete amene ankatiphunzitsa pansi pa mtengo, anapereka bokosilo kwa ababa. Anati akaimanga ndegeyo n'kuuluka, awapatsa ntchito yokhoma madesiki onse a sukulu. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo inali itafika paliponse.

Pepala la malangizo linali m'chinenero chimene panalibe wochidziwa, choncho ine ndinkatsata zithunzi ndi manambala, ababa n'kumalumikiza. Mapiko ake atatambasuka anaposa msinkhu wawo. Koma timatabwa tija tinawanyansa. Tinali topepuka ngati phesi louma, chikhadabo chinkalowa ukatsina. Anati azungu atitumizira zinyalala, chiswe sichingathe nazo sabata. Anasema thupi lina ndi nthiti za mapiko, zonse za mlombwa, n'kukhoma ndi timisomali. Ndinayesa kunena kuti pachithunzi palibe msomali ndi umodzi womwe, koma anandifunsa ngati ndinamangapo ngakhale khola la nkhuku. Ndinatola timatabwa totayidwato n'kukabisa m'thumba kudenga.

Kunena zoona inali yokongola, yofiirira, yosalala. Loweruka tinainyamula awiri kupita pa chitunda cha kuseri kwa sukulu, anthu atadzaza ngati pa ukwati. Apulofesolo anali atasonkha mapilya, mabatire aja, m'mawailesi a anthu kuti kabokosi kaja kagwire ntchito. Ababa anathamanga n'kuiponya. Inangoti phi pansi, patsogolo pawo pomwepo, n'kukumba dothi ndi mphuno. Sinathyoke ngakhale pang'ono. A Fulansisko, amene ankakhoma mipando m'mudzimo nkhondo yonse, anaiyang'ana n'kunena kuti, "Mwakhoma bwino ndithu, achimwene. Koma iyi ndi ndege kapena mtondo?" Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ine ndikulira ndi manyazi.

Ndinkayembekeza kuti ababa anamizira wailesi kapena mphepo. Anaitola, n'kuiyeza m'manja kwa nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa ine anthu onsewo akuona.

"Luziya, timitengo tija unataya?"

"Tilipo, ababa."

"Katenge. Undionetse pomwe ndinalakwa."

Anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kuzula misomali. Masiku amenewo, bambo kulangizidwa ndi mwana wake wamkazi pagulu chinali chinthu chosamveka, ndipo kuseka kuja kunazilala pang'onopang'ono. Tinatha masabata awiri tikumata ndi guluu. Ndikati osati apo, ankasuntha dzanja popanda kung'ung'udza, ngakhale nthawi zina ndinkawaona akupukusa mutu timatabwa tikamapindika. Itatha, ndinkatha kuinyamula ndi dzanja limodzi.

Ulendo wachiwiri anthu anachepa, koma a Fulansisko analipo. Ababa anati ndiponye ine. Inatsika pang'ono, mtima wanga n'kutsika nayo, kenaka mphepo ya m'chigwa inaitenga. Inadutsa pamwamba pa makoma a sukulu opanda denga, Apulofesolo akuiwongolera ndi kabokosi kawo, n'kukatera m'munda wa mapira phiko limodzi litathyoka. Sindinanyadirepo chinthu ngati tsiku limenelo. Ntchito ya madesiki inapita kwa ababa, ndipo iwo anakapempha a Fulansisko kuti agwirire limodzi. Madesikiwo ndiye anawakhoma ndi mlombwa, misomali osaumira.

Ndili mwana ndinkayesa kuti ndikunyadira ndegeyo ndi nzeru zanga. Lero ndimamvetsa chifukwa chake ababa ankaopa chilichonse chopepuka. Munthu amene zake zonse zinapsa tsiku limodzi amafuna kuti chimene wamanga chisadzagwenso, ndipo kuzula misomali ija kunawapweteka kuposa kusekedwa. Ndakula, ndaona amuna ambiri olimba mtima. Koma wokhala pansi pagulu n'kufunsa mwana wake pomwe walakwa ndinaona mmodzi yekha, ndipo anali ababa anga.