Machila a Nikodemo Kalinde

"Zimitsani chinthucho! Ndati zimitsani, a Chancellor, ndisanachigende ndi matimatiwa!"

Ameneyo anali Margret, wogulitsa matimati pakhonde la golosale ya a Chancellor ku Ndunde, ataimirira pakati pa anthu, chitenje atamanga m'chiuno ngati wopita kondewu. Linali Lamulungu masana, anthu atangoweruka ku Misa, ndipo khonde linali litadzaza thothotho. Pa kanema panali akatswiri a nthabwala a ku Blantyre, akuseketsa dziko kuti anthu asonkhe thandizo logulira ambulansi ya dera lino.

"Khalani pansi mayi, mukutitchinga!" anakuwa wakabaza wina.

"Ndikukutchinga? Iwe ukuseka chiyani, mano ngati chimanga chofumbwa!"

Pa benchi la kutsogolo panakhala a Nikodemo Kalinde, chipewa pabondo, jekete yosita bwino. Nkhani yonseyi inali ya iwowa.

Tsono inu amene simuwadziwa, tamverani. Kale misewu yakuno isanadziwe njinga zamoto, munthu akadwala mwakayakaya ankapita kuchipatala cha mishoni pa mapewa a anzake. Machila ake anali nsungwi ziwiri ndi ziguduli zosoka ndi khonje. Onyamula anali anayi: a Nikodemo, a Francisko, a Jeremiah ndi a Mavuto. Awiri omalizawa anatisiya kalekale. Unali ulendo wa maola atatu, kutsetsereka, kuwoloka mitsinje, kukwera zitunda, ndipo pobwerera ankangolandira thobwa kapena mbale ya nyemba za kalongonda pakhomo la mwini wodwala.

Malo a Nikodemo anali kumutu, kumene mawu amagwera m'khutu la wodwala. Iwo ankati munthu akangoti zii panjira, ndiye kuti wayamba ulendo wina. Choncho ankamuputa mpaka ayankhe. Kwa nkhalamba yobuula ankati, "Musafere pano, akulu. Maliro amalemera kuposa wodwala, ine msana wanga ndi womwewu." Kwa mayi wapakati ankati, "Muuzeni mlendoyo adikire, kunja kuno chimanga sichinache." Munthu ankaseka misozi ili mbwembwembwe, n'kufika kuchipatala akuwatukwana. A Nikodemo akatukwanidwa mtima unkakhala m'malo, poti wotukwana ndiye kuti akadali moyo.

Lamulo lina linali lakuti nkhope ya wamoyo siphimbidwa. Dzuwa liswe mtengo, mvula igwe ya matalala, wachibale ankathyola tsamba la nthochi n'kumayenda pambali akutchinjiriza. Chifukwa anthu m'minda akaona machila ophimba kumaso ankaponya makasu n'kuyamba kulira, ndipo wodwala ankamva maliro ake omwe ali maso. Wotero ankafooka asanaone chipata cha chipatala.

Margret wolalatayu anabadwira pa machila omwewo, m'mbali mwa mtsinje. Amayi operekeza anazungulira ndi zitenje, amuna anayi aja atayang'ana kutchire, a Nikodemo akuimba nyimbo ya Chilatini imene mawu ake ankangopeka okha. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri a Nikodemo anagwira ntchito imeneyi. Ena anachira, ena Mulungu anawatenga, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhudza dothi.

Kenaka kunabwera ambulansi za njinga, kunabwera akabaza. Machila anakwezedwa kudenga, a Nikodemo n'kutsikira kudimba kukalima kabichi.

Amene anawatsitsanso machilawo ndi Limbikani, mwana wa mlongo wa a Nikodemo, dalaivala wa gulu la oseketsa lija. Anabwera ndi awiri mwa iwo pagalimoto, anakhala pansi pa mtengo wa mango tsiku lonse, akumva nkhani za kale, akuseka mpaka kugwira nthiti. "Atsibweni, dziko lonse likudziwani," anatero Limbikani pobwereka machilawo. Mkuluyo anawapukuta yekha fumbi. Anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti Lamulungu asaphonye.

Nanga anaona chiyani? Amuna anayi a makabudula ong'ambika, atanyamula wodwala pa machila aja, akudzandira, mabotolo a kachasu akusuzumira m'matumba, akuyankhula mokokomeza ngati Alomwe a kumudzi. Wotsogolera ankamutchula kuti Nikodemo, dzina lenileni, osabisa. Poyamba mwini dzina anaseka nawo. Mnyamatayo atanena za maliro olemera zija, a Nikodemo anagunda a Francisko ndi chigongono. "Ameneyu amatha," ananong'ona. "Wadikira kaye asanaponye mawu."

Kenaka anamugwetsa wodwala uja, phi! Holo ya ku Blantyre inaphulika. Anamutola, anamugwetsanso. Kachitatu, Nikodemo wa pa kanema anavula chitenje cha woperekeza n'kumuphimba nacho wodwalayo kumaso. "Kuti asaone pomwe tikamugwetserenso," anatero, n'kuyambitsa nyimbo ya maliro. Pansi pa chithunzi manambala a foni otumizirapo thandizo ankangodutsa.

Apo m'pamene Margret anadzambatukira.

"Mayi Margret, izi ndi nthabwala chabe," anatero a Trevor, aphunzitsi a kupulaimale. "Taonani cholinga chake. Ambulansiyo ikabwera idzanyamula ife tomwe."

"Aphunzitsi, inu munabwera kuno dzana ndi basi. Musandiphunzitse za machila amene ndinabadwirapo!"

Achinyamata ankaseka chamseri. Amayi ena ankapukusa mitu, ena kamwa ataphimba ndi dzanja, osadziwika ngati akulira kapena akuseka. A Francisko anadzuka ndi ndodo yawo, analoza kanemayo. "Nsungwi yakumanzereyo ndinadula ndine," anatero, basi n'kumapita.

A Chancellor anatambasula dzanja kuti azimitse. A Nikodemo anawaletsa. "Asiyeni amalize. Ambulansi tikuifuna." Anaonera mpaka kumapeto, maso ali tong'o, osaphethira. Wolengeza anathokoza makampani, anathokoza oimba, anathokoza ndi ophika omwe. Za nkhalamba ya ku Ndunde sanatchule.

Mmene sabata inkafika pakati, akabaza a pasiteji anali atawapatsa kale dzina. "Agogo Gwetsani, kabichi mwagwetsa angati lero?" Zimenezo anazimeza. Chimene chinawalasa ndi mayi Subira, mtsikana wokwatiwa chaka chatha, amene anawaimitsa panjira yakudimba, n'kugwada mwaulemu, n'kufunsa motsitsa mawu: "Agogo, amayi anga aja anamwalira ine ndili khanda, munawanyamula ndinu. Kodi n'zoona kuti munkayenda mutamwa?"

A Nikodemo anaukumbukira ulendo umenewo bwino lomwe: matope ofika m'mawondo, a Mavuto chala chikutuluka magazi, mayiyo akuwauza kuti nthabwala zawo n'zowola. Anamufikitsa kuchipatala ali moyo. Koma amene akanawachitira umboni, awiri ali kumanda, wachitatu makutu anayamba kugontha.

Loweruka Limbikani anatulukira pagolosale paja, machila atamanga pamwamba pa galimoto, nkhope ili mwee. "Atsibweni! Zatheka! Ambulansi ikubwera mwezi wamawa. Anthu akuti gawo lanu lija ndi limene linaseketsa kwambiri."

A Nikodemo anamasula okha zingwe, anatsitsa machila, anawaimika pakhoma. Anasisita nsungwi pamalo pamene phewa lawo linasalalitsa. Anthu anayamba kusonkhana. Mayi Subira anali pomwepo, ndowa ili pamutu.

"Zikomo chifukwa cha ambulansi," anatero a Nikodemo. "Tsopano ima apa, mphwanga. Ayi, usalowe m'galimoto. Unakhala pansi pa mango paja, unamva ndi makutu ako, ndipo Lamulungu lija unali komweko akundimwetsa kachasu pamaso pa dziko lonse. Anthu ndi awa, ana a amene ndinawanyamula. Tchula mmodzi amene ndinamugwetsa. Mmodzi yekha, ndi mudzi wake, ndi mtsinje umene anagwera."

"Atsibweni, lijatu ndi sewero..."

"Sewero la dzina langa! Ngati ulibe woti umutchule, liza galimoto yakoyi, ukawatenge anzakowo ndi makamera awo omwewo. Abwere adzaime pakhonde pano, amuyang'ane mwana uyu m'maso, amuyankhe funso limene wandifunsa ine!"