Timikanda Toyanika Padzuwa

Sabata yake yoyamba pantchito, mayi wa mapasa anawononga katundu wa fakitale chifukwa cha ukhondo.

Fakitaleyo inkakuta zitsulo ndi mkuwa. Iye anali wokolopa, sukulu atasiyira Fomu 2. M'ndowa ina anapeza timikanda tonyowa, tonga mazira a nsomba. Anatsuka bwinobwino n'kuyanika pasaka padzuwa ngati nyemba.

"Mayi inu! Timikandati ndi lezini! Lezini amayanika?" anakuwa kapitawo, manja ali kumutu. "Ikauma imasweka! Ikapanda kugwira ntchito pofika Lachisanu, musadzabwerenso."

"Nanga munandiuza?"

Kapitawo anangochokapo. Anthu ena amatopetsa: sakuuza kanthu, koma ukalakwa amadabwa ngati ena amabadwa akudziwa.

Nthawi yolira panalibe, mapasa sadya misozi. Mayiyo anakakamira mkulu wa labu, amene onse ankamutcha Magalasi.

"Achimwene, timikandati timagwira ntchito yanji?"

"Zovuta kufotokoza zimenezo."

"Ine ndimalera mapasa ndekha. Fotokozani."

Magalasi anausa moyo. Anati madzi otsukira zitsulo amatenga mkuwa wosungunuka. Akamadutsa m'paipi yodzaza timikandato, timakola mkuwawo n'kutaya tinthu tina m'malo mwake. Tikakhuta, amathiramo asidi, mkuwa wa m'migolo yambirimbiri n'kutuluka m'chigubu chimodzi.

"Basi? Ndiye mumabisiranji?"

Mayiyo anakokera Magalasi pamgolo wa lezini kuti awerenge limodzi pepala lomatapo, mzere ndi mzere, iye akugwagwa ndi Chingelezi. Pansi penipeni panalembedwa kuti youma musaithire madzi wamba, muyambe mwaiviika m'madzi a mchere wambiri, kenako muziwonjezera madzi pang'onopang'ono. Magalasi, ndi madigiri ake onse, pansi pa pepalalo anali asanafikepo!

Ataviika timikandato m'madzi a mchere, masiku awiri mayiyo anali pandowa, kuthira madzi kapu imodziimodzi. Kapitawo akamadutsa ankaseka: "Zapsa, adokotala?"

Lachisanu anathira timikanda m'paipi. Tina tinali titasweka, koma tambiri tinapulumuka. Madzi analowa obiriwira n'kutuluka oyera mbee.

Kapitawo anakanda m'mutu. "Lolemba mubwere. Mopu mupatse wina, inu muziyang'anira mapaipiwa."

"Pepani" ayi ndithu, mpaka lero. Koma ntchito ilipo, ana akudya.

Ndiye inu amene mwakhala pamenepo mukudzitcha mbuli, dzukani. Mukalakwitsa musathawe ndi manyazi. Funsani, akakunyozani funsaninso, mpaka atope nanu akuuzeni. Mtima wokhawo musautaye, muli nawo umodzi.