Therere m'Mfuti ya Amalume

Sunthirani kuno, fungo la therere likupsali landikumbutsa mlandu wanga.

Ndili kamtsikana, ng'ona inatilanda dooko kuno ku Senga Bay. Amalume anali mlenje, ndipo mfuti yawo amisiri a m'tauni anali ataikuza kukhosi kuti muzilowa zipolopolo zazikulu. Koma akati akankhe chitsulo cholowetsera zipolopolo, chipolopolo chinkangokakamira pakhomo, ng'ona ili phee kuothera dzuwa pamchenga.

Ine ndinkadziwa kuti chokakamira pakhosi chimatsika ndi therere. Iwo atapita ku bawo, ndinathiramo chipande chathunthu.

"Chemwali, mwana wakoyu wandiphikira mfuti," anatero amalume kwa amayi atabwerako.

"Mwina iyeyo imumvera, achimwene. Inu yakukanani sabata yonse."

Anaimasula yonse akung'ung'udza. Popukuta m'pamene anaona kuti milomo ya kabokosi ka zipolopolo inali yothinabe, ya zing'onozing'ono zakale. Anaipala ndi tupa pang'onopang'ono mpaka chipolopolo chinalowa myaa. Mawa lake ng'ona inafa, tinayambanso kutunga madzi.

Amalume anakalamba akudzitama kuti vutolo analipeza okha. Amayi anamwalira akuwasekabe. Ine ndinalandira makofi awiri, zikomo ndikumudikirabe mpaka lero.